Mwanabere Wosaphwa: Mawu kwa Ogwira Ntchito M'makomo ndi M'minda Kutali ndi Kwawo

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu tsiku lopuma ndi limodzi lokha pa sabata, ndipo ena ngakhale limodzilo mumachita kupempha. Motero sindikutayirani nthawi. Ndabwera kudzakamba za chinthu chaching'ono, choti chala chimodzi chikhoza kuchiphimba. Ndikunena mwanabere.

Palibe pano amene sakumudziwa mwanabere. Tili ana, tikapunthwa pa chitsa kapena kulasidwa ndi minga, bala likayamba kutukusira, m'mphechepeche munkatuluka kachotupa kowawa ndipo tinkayenda motsimphina. Agogo ankatithowa ndi madzi otentha, bala likapola kachotupa kaja n'kuphwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Tinakula tikudziwa kuti mwanabere si matenda opitira kuchipatala, ndipo kawirikawiri zimenezo n'zoona. Koma pa zaka zimene ndagwira ntchito ya unamwino ndaona anthu amene chidziwitso chomwechi chinawachedwetsa, makamaka amene ali ndi kachirombo ka HIV. Za iwowa ndi zimene ndikufuna tikambirane, ndipo amene mulibe kachiromboka mumvetserenso, pakuti mukugona chipinda chimodzi ndi mbale wanu amene ali nako, kaya anakuuzani kaya sanakuuzeni.

Tiyambe ndi kumvetsa chimene chimatupacho. M'thupi mwa munthu aliyense muli timabere mazana angapo, tating'ono ngati nyemba kapena kucheperapo, tomwe tinamwazikana m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche, m'chifuwa ndi m'mimba. Inu amene munadutsa pa Mwanza, pa Nyamapanda kapena pa Beitbridge mukudziwa chimene chimachitika pa chipata: basi imaima, aliyense atsike, katundu atsegulidwe. Timabereti ndi zipata za thupi. Madzi a m'minofu asanabwerere m'magazi amadutsa pamenepo, ndipo asilikali a thupi amasecha chilichonse chachilendo. Akapeza mdani, asilikali amachulukana pa chipatapo, ndiye kutupa kumene timakumva ndi chala. Choncho mwanabere si matenda mwa iye yekha. Ndi chizindikiro chakuti penapake pali nkhondo, ndipo funso loyenera n'lakuti nkhondoyo ndi ya ndani.

Kachirombo ka HIV kamakonda kukhala m'timabere momwemu, chifukwa asilikali amene kamawagwira, aja timawawerenga kuti CD4, amasonkhana mmenemo. N'chifukwa chake munthu amene ali ndi HIV akhoza kukhala ndi anabere ang'onoang'ono mbali zonse ziwiri za khosi ndi m'khwapa, osawawa, oyendayenda ukawakhudza, kwa miyezi yambiri, iye ali bwinobwino. Otere nthawi zambiri amaphwa munthu akayamba kumwa ma ARV mokhulupirika. Amene amatidetsa nkhawa ndi ena, ndipo kuti muwamvetse ndiyenera kukuuzani za tizirombo tina timene tinalowa m'matupi mwathu kalekale, HIV isanamveke n'komwe m'moyo wathu.

M'chaka cha 1958, dokotala wa maopareshoni wochokera ku Ireland, Denis Burkitt, yemwe ankagwira ntchito ku Kampala m'dziko la Uganda, analemba za khansa yachilendo imene inkatupitsa nsagwada za ana. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda pa galimoto m'zipatala za kum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo dziko limene nthawi imeneyo linkatchedwa Nyasaland, akufunsa kumene khansayi inkapezeka. Anapeza kuti inkakonda madera otentha ndi achinyezi, momwe malungo ndi ochuluka. Zidutswa za zotupazo zinatumizidwa ku London, ndipo mu 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anaonamo kachirombo kamene lero kamatchedwa Epstein-Barr, kapena kuti EBV. Kachiromboka kamayenda m'malovu, ambiri timakatenga tili makanda, ndipo pa anthu akuluakulu 10 alionse padziko lapansi, osachepera 9 ali nako. Abwana anu ali nako, adona ali nako, kapitawo ali nako, inenso mosakayikira ndili nako. Kakalowa sikatuluka. Kamagona m'maselo ena a chitetezo cha thupi, ndipo malinga chitetezocho chili cholimba, kamakhala phee moyo wonse.

Kachiwiri kali ndi mbiri yotiyandikira kwambiri. Khansa imene m'zipatala timaitcha Kaposi inatenga dzina la Moritz Kaposi, dokotala wa khungu amene anailongosola ku Vienna mu 1872, ataiona pa amuna okalamba. M'chigawo chapakati cha Africa inalipo kale Edzi isanabwere, koma kwa akuluakulu inkayenda pang'onopang'ono, kawirikawiri m'miyendo. Cha mu 1983, dokotala Anne Bayley wa ku University Teaching Hospital ku Lusaka anazindikira kuti khansayi yasintha khalidwe: inayamba kugwira achinyamata, kutupitsa anabere, kufalikira thupi lonse ndi kupha msanga. Chimene chinasintha si khansayo ayi, koma chitetezo cha anthu, pakuti HIV inali itafika. Mu 1994, Yuan Chang ndi Patrick Moore a ku Columbia University mu mzinda wa New York anapeza kachirombo kamene kamayambitsa khansayi, ndipo kamatchedwa HHV-8. M'mayiko athu ano, monga Malawi, Zambia ndi Uganda, kachiromboka n'kofala kwambiri kuposa ku Ulaya, ndipo ambiri amakatenga ali ana, kudzera m'malovu, pakhomo pa makolo awo. Ndanena zimenezi mwadala, chifukwa ndamvapo anthu akunyoza wodwala Kaposi ngati kuti mawanga akewo ndi umboni wa chiwerewere. Si choncho. Ndiponso khansayo payokha sipatsirana, kotero palibe chifukwa chomupatulira wodwala mbale yake kapena mphasa yake.

Tsono taonani mmene zimakhalira. HIV ikafooketsa asilikali, tizirombo timene tinali mtulo timadzuka. EBV ikhoza kusandutsa maselo a chitetezo kukhala khansa ya m'timabere, imene madokotala amaitcha lymphoma. Ma lymphoma ena amayamba popanda EBV, koma ambiri a anthu amene ali ndi HIV amakhudzana nayo, ndipo ena amakula mofulumira kwambiri, moti chotupa chimene chinali ngati mtedza mwezi watha lero chili ngati dzira. HHV-8 nayo imatulutsa mawanga akuda kapena ofiirira pakhungu, osayabwa ndi osawawa poyamba, pa miyendo, pa nkhope, kapena m'kamwa kumwamba kwa lilime ndi pa nkhama. Imathanso kutseka njira za madzi m'miyendo mpaka mwendo kuuma gwa ngati mtengo. Inu amene mumavala magambutsi kuyambira m'bandakucha, ndi inu amene mumaimirira tsiku lonse pa sinki ndi pa kusita, n'chapafupi kunena kuti miyendo yatupa ndi ntchito. Kutupa kwa ntchito kumaphwa mukagona. Kumene sikuphwa, kapena kumene kwagwira mwendo umodzi, kapena kumene kwabwera ndi mawanga, kukufunika maso a dokotala.

Pali nthenda ina ya HHV-8 imene ngakhale ife a zaumoyo sitiiganizira msanga, ndipo ndikufuna dzina lake mulisunge: Castleman. Inatchulidwa potengera Benjamin Castleman, katswiri woyeza minofu wa ku Boston amene anailongosola m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1995 zinadziwika kuti mtundu wake umene umagwira anthu a HIV umayenda ndi HHV-8. Wodwala amatupa anabere m'malo ambiri nthawi imodzi, thupi limatentha, usiku amatuluka thukuta lonyowetsa zofunda, magazi amachepa, kapamba amatupa, ndipo amafooka moti kukweza ndowa kumamukanika. Chosokoneza chake n'chakuti imabwera ndi kupita. Munthu amadwala masabata awiri kapena atatu, kenaka amadzuka n'kubwerera kumunda, aliyense n'kumati anali malungo. Pakapita nthawi imabweranso, yaukali kuposa poyamba. Chinanso n'chakuti ikhoza kugwira ngakhale munthu amene akumwa ma ARV bwino, amene CD4 yake ndi yokwera. Si nthenda yofala, ndipo sindikufuna aliyense amene watentha thupi usiku uno aganize kuti ali nayo. Koma ikasiyidwa imapha, pomwe ikadziwika ili ndi mankhwala, makamaka otchedwa rituximab, amene amapezeka m'zipatala zikuluzikulu.

Komatu chimene chimatupitsa anabere kawirikawiri mwa anthu a HIV kuno kwathu si khansa. Ndi TB. Tinazolowera kuitcha chifuwa chachikulu, ndipo dzinali limatipusitsa, pakuti TB imagwiranso timabere ta m'khosi munthu osatsokomola n'kamodzi komwe. Anabere a TB amakonda kumatirirana pamodzi ngati phava la nthochi zazing'ono, nthawi zina amafewa n'kuphulika, n'kumatuluka mafinya osapola. Imeneyi imachizika ndi mankhwala a miyezi 6, ndipo m'zipatala za boma amaperekedwa ulere. TB ndiyo imapha anthu a HIV ambiri kuposa nthenda ina iliyonse, choncho dokotala akaiganizira poyamba sakulakwa.

Vuto lagona apa: TB ya m'timabere, lymphoma, Castleman ndi Kaposi ya m'timabere zimafanana nkhope. Zonse zimatupitsa, zonse zimatha kutenthetsa thupi, kutulutsa thukuta la usiku ndi kuwondetsa. Palibe dokotala, ngakhale wa imvi, amene angazisiyanitse motsimikiza ndi chala chokha. Mankhwala a TB sachiza khansa, ndipo mwezi uliwonse umene munthu wa lymphoma akumwa mankhwala a TB, khansayo ikukula.

Ndikukumbukira mayi wina wochokera ku Ntcheu, amene ankagwira ntchito m'nyumba ina ku Johannesburg. Anali pa ma ARV, koma ankawalandira kuchokera kumudzi, mchemwali wake ndiye ankakatenga n'kuwapatsira a mabasi. Kumanzere kwa khosi lake kunatuluka chotupa, iye n'kumachiphimba ndi mpango kuti adona asaone. Atayamba kuwonda anapita ku kiliniki ina, komwe anamuyeza makhololo osapeza kanthu, koma poona zizindikirozo anamuyambitsa mankhwala a TB. Patatha miyezi iwiri ntchito inatha, anasamukira dera lina, ndipo ku kiliniki yatsopano anangopitiriza zimene zinalembedwa pa khadi. Palibe amene anaona chotupacho kawiri, motero palibe amene anadziwa kuti chikukula. Iye yekha ndiye ankadziwa, koma Chingerezi chake chinali cha kukhitchini, ndipo ankaopa kuti akachulutsa mafunso amufunsa mapepala. Anamaliza miyezi 6 yonse. Pamene ankafika m'manja mwathu sankathanso kutembenuza khosi, ndipo atadula kachidutswa n'kukayeza, inapezeka kuti inali lymphoma. Analandira mankhwala a khansa, tsitsi linathothoka, anavutika zedi, ndipo pamene ndinkamuona komaliza anali moyo, akuyenda yekha. Ena amene anachedwa chimodzimodzi tinawaperekeza m'bokosi. Sindikuloza chala namwino aliyense, pakuti pa mzere wa anthu mazana, TB ndiyo yankho loyandikira. Chimene chinamupweteka mayiyu n'chakuti moyo wa munthu woyendayenda umadula nkhani yake m'zidutswazidutswa, ndipo palibe amene amaiwerenga yonse.

Choncho wosunga nkhani yanu mukhale inu mwini. Mukapeza chotupa, lembani tsiku limene mwachiona. Chijambuleni ndi foni, mutaika ndalama yachitsulo pambali pake, ndipo sabata iliyonse mujambulenso ndi ndalama yomweyo. Zithunzi zimenezo zimalankhula Chizulu, Chishona, Chipwitikizi ndi Chingerezi chomwe, ndipo dokotala amene sanakuonenipo adzaona ndi maso ake ngati chikukula. Mwanabere amene wabwera ndi bala, dzino lobooka kapena zilonda za kukhosi, wowawa, amaphwa m'masabata awiri kapena atatu. Wopitirira pamenepo apite kuchipatala. Musadikire ngakhale masabata amenewo ngati chotupacho chakula kuposa msonga ya chala chanu chachikulu, ngati n'cholimba ndipo sichisuntha, ngati chili mbali imodzi yokha n'kumakulirakulira, ngati chili pamwamba pa fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi, kapena ngati chabwera pamodzi ndi kutentha thupi, thukuta la usiku, kuwonda, kapena mawanga aja ndanena. Chimene sichiwawa musachiyese chabwino. Khansa ya m'timabere nthawi zambiri siwawa poyamba.

Mukafika kuchipatala, nenani za HIV yanu poyera kwa amene akukuonaniyo, ndipo nenaninso zoona ngati munadumphitsa mankhwala. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Amene simunayezetse, chotupa chotere ndi chifukwa chokwanira choyezetsera tsiku lomwelo. Pemphani kuti ayeze CD4 ndi kuchuluka kwa kachirombo m'magazi. CD4 ikatsika pansi pa 200, pali zoyeza zina zimene muyenera kulandira, kuphatikizapo kuyeza TB m'mkodzo. Pa chotupa penipenipo pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kubaya ndi singano yopyapyala n'kukoka timadzi, ndipo imeneyi imathandiza kwambiri kupeza TB. Yachiwiri ndi kudula kachidutswa, kapena kuchotsa kabere konse, n'kukakayeza kwa akatswiri, chimene amachitcha biopsy. Mawu amenewa muwaloweze pamtima. Singano ikhoza kuphonya lymphoma, ndipo Castleman sidziwika popanda biopsy. Ngati singano sinapeze kanthu koma chotupa chilipobe, nkhani sinathe. Ngati anakuyambitsani mankhwala a TB popanda umboni wa kuyeza, ndipo patha mwezi umodzi kapena iwiri thupi likutenthabe, simukunenepa, chotupa chikukula, bwererani mukafunse mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo: kodi sindikufunika biopsy? Koma musasiye mankhwala a TB pa nokha, chifukwa nthawi zina anabere a TB yeniyeni amayamba atupa kaye mankhwala akayamba kugwira ntchito. Zomwezi zimachitikanso masabata oyamba a ma ARV, pamene asilikali akudzuka n'kuyamba kumenyana ndi zimene anazipeza m'thupi. Kusiyanitsa zimenezi ndi ntchito ya dokotala, yanu ndi kubwerera kuti akuoneni.

Ena amaopa kuti chotupa chikakhudzidwa ndi mpeni chimafalikira. Biopsy sifalitsa khansa. Chimene ndachiona chikuwononga ndi kutema mphini pa chotupa, kumene kumalowetsa matenda ena pamalo odwala kale, komanso mapiritsi ogula mumsewu ochotsa kutupa, a mtundu wa prednisone. Mapiritsi amenewa amaphwetsa lymphoma kwa kanthawi n'kusokoneza zotsatira za kuyeza, ndipo Kaposi amaikulitsa. Za mapemphero sindiletsa aliyense, inenso ndimapemphera. Koma pitani kokapemphera zotsatira zanu zili m'thumba.

Ponena za zotsatira, pali kanthu kena kooneka kachabechabe kamene kataya miyoyo. Zotsatira za biopsy sizituluka tsiku lomwelo, zimatenga sabata kapena masabata angapo. Ife anthu a paulendo timasintha manambala a foni, timasamuka famu zipatso zikatha, ndipo pepala lofunika limakhala mu fayilo mwini wake ali ku Limpopo kapena ku Ceres. Perekani manambala awiri, yanu ndi ya munthu amene mumamukhulupirira. Funsani tsiku lobwerera ndipo mubwere ngakhale asanakuimbireni. Mtima ukamakukokerani kumudzi, monga umachitira tikadwala kuchilendo, musakwere basi zotsatira zisanatuluke. Mukasankha kukalandira chithandizo kwanu, tengani pepala la zotsatiralo m'manja, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Ku Malawi khansa amaiona ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ku Zambia kuli Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, ku Zimbabwe kuli Parirenyatwa ku Harare ndi Mpilo ku Bulawayo. Wofika ndi pepala amayamba chithandizo msanga, wofika chimanjamanja amayambiranso pachiyambi.

Chitetezo chachikulu pa zonsezi ndi ma ARV omwedwa tsiku ndi tsiku. EBV ndi HHV-8 tilibe mankhwala ozichotsera m'thupi, ndipo katemera wake palibe. Chimene tingathe ndi kusunga asilikali athu amphamvu kuti tizirombo timeneti tipitirize kugona. Chiyambireni kuperekedwa kwa ma ARV aulere m'zipatala za boma, ku Malawi ndi ku South Africa mu 2004, odwala Kaposi atsopano pakati pa omwa mankhwala achepa kwambiri, ndipo Kaposi yoyamba kumene nthawi zina imazimirira ndi ma ARV okha. Piritsi limene ambiri mukumwa tsopano, la TLD, lili ndi mankhwala atatu: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Ndi limodzimodzi ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa, ngakhale botolo ndi mtundu wa piritsi zisiyane. Palibe chifukwa choopera kuti mankhwala a kuno sagwirizana ndi magazi anu.

Ndikudziwa kuti ambiri mumachita monga mayi wa ku Ntcheu uja, kulandira mabotolo kudzera pa basi. Ndikumvetsa chifukwa chake. Koma botolo lobwera pa basi silikuyezani magazi, silikukwezani pa sikelo, silikukhudzani m'khosi. Ndiponso basi ikachedwa, kapena mchemwali akadwala, mumakhala masabata opanda mankhwala. Kudumphitsa kumeneku kuli ndi ngozi ina imene ambiri saidziwa. Kachirombo ka matenda a chiwindi, hepatitis B, n'kofala m'chigawo chathu, ndipo ambiri ali nako osadziwa. Tenofovir ndi lamivudine amakapondereza nakonso. Munthu amene ali ndi tizirombo tonse tiwiri akasiya TLD mwadzidzidzi, ka chiwindi kakhoza kudzuka mwaukali, maso n'kuchita chikasu, chiwindi n'kuwonongeka. Lembetsani ku kiliniki ya kumene mukukhala. Ngati muli ndi kalata yosamutsira kapena buku lanu la kuchipatala, tengani. Ngati mulibe, pitanibe ndi botolo lanu, ngakhale lopanda kanthu. Musanapite kumudzi pa Khirisimasi, pemphani mankhwala okwanira ulendo wonse ndi masabata ena apadera, ndipo muwasunge m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wa mu ngolo. Ndipo mukayamba mankhwala a TB muli pa TLD, kumbutsani namwino, chifukwa mankhwala a TB amachepetsa mphamvu ya dolutegravir ndipo pamafunika piritsi lina loonjezera.

Tsopano ndifike pa chimene chimakulepheretsani zenizeni, pakuti ndikudziwa kuti si umbuli. Ndi mantha a kuchotsedwa ntchito ndi mantha a mapepala. Kwa inu amene muli ku South Africa, gawo 27 la malamulo aakulu a dzikolo limapereka ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo kwa aliyense, osati nzika zokha, ndipo limaletsa kukaniza munthu chithandizo cha mwadzidzidzi. Kuyeza HIV, ma ARV ndi mankhwala a TB m'makiliniki a boma n'zaulere. Munthu wamba woima pa geti la kiliniki alibe mphamvu ya lamulo yokufunsani chitupa kapena kukubwezani. Zikakuchitikirani, lembani tsiku, nthawi ndi malo, mudziwitse bungwe loona za ufulu wa anthu obwera, ndipo muyese kiliniki ina tsiku lomwelo m'malo mobwerera kukagona. Sindikunamizani kuti zonse n'zosalala: chipatala chachikulu chikhoza kukulipiritsani pa biopsy ndi mankhwala a khansa. Musathawe poona bilu. Funsani kuti muonane ndi social worker wa pachipatalapo ndipo mufotokoze malipiro anu enieni. Amene muli ku Botswana dziwani kuti kuyambira 2019 dzikolo linatsegula ma ARV aulere kwa anthu obwera.

Ku ntchito nako malamulo a South Africa sasiyanitsa wa m'nyumba, wa pa famu ndi wa mu ofesi pa nkhani ya tchuthi cha matenda. Pa zaka zitatu zilizonse muli ndi masiku olipidwa ofanana ndi amene mumagwira m'masabata 6: masiku 30 kwa wogwira masiku asanu pa sabata, 36 kwa wogwira masiku 6. M'miyezi 6 yoyamba pa ntchito, ndi tsiku limodzi pa masiku 26 alionse amene mwagwira. Mukajomba masiku oposa awiri otsatizana, bwana akhoza kufuna kalata ya kuchipatala, koma kalatayo siyenera kutchula matenda anu popanda chilolezo chanu. Lamulo la Employment Equity Act la 1998 limaletsa kusala wantchito chifukwa cha HIV, ndipo limaletsa bwana kukuyezetsani HIV pokhapokha khoti la za ntchito litaloleza. Simukakamizidwa kuuza adona kuti mumamwa ma ARV, ndipo HIV sifalikira pophika, pochapa kapena polera mwana. Mukachotsedwa ntchito chifukwa chodwala, muli ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, ndipo mu 2008 khoti la za ntchito linagamula kuti munthu wobwera amene chilolezo chake chogwirira ntchito chinatha ndi wantchitobe pamaso pa lamulo. Ku Malawi nako lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa tsankho lotere, ndipo limateteza ogwira ntchito m'maesiteti a fodya ndi tiyi monga limatetezera wina aliyense.

Ndikudziwa kuti lamulo la papepala ndi kapitawo wa pa famu ndi zinthu ziwiri. Ndikudziwa kuti nthawi yokolola, kupempha tsiku limodzi kuli ngati kupempha ng'ombe, ndi kuti kumudzi ana akudikira fizi. Koma inu nomwe mumasonkha ndalama mwezi ndi mwezi m'magulu a maliro, ndipo mukudziwa mtengo wotumizira thupi kudutsa malire awiri kapena atatu. Ndikupempha magulu omwewo kuti aganizire zosonkheranso wamoyo: ndalama ya thiransipoti yopitira ku biopsy, ndi munthu mmodzi wodziwa chilankhulo cha kuno woti amuperekeze n'kukamufunsira mafunso. Wodwala amene thupi likutentha sakumbukira theka la zimene dokotala wanena.

Usiku uno posamba, yendetsani zala zitatu pansi pa nsagwada, kumbuyo kwa makutu, m'mbali mwa khosi mpaka pa fupa la m'munsi, kenaka m'khwapa ndi m'mphechepeche. Tengani kalilole ndi tochi ya foni muyang'ane m'kamwa, kumwamba ndi pa nkhama. Yang'ananinso mapazi, pakati pa zala ndi kuphazi komwe. Ngati mnzanu wa chipinda chimodzi wakhala akuvala mpango m'khosi ngakhale kukutentha, mufunseni pambali, mwaulemu. Ndipo amene muli kale ndi chotupa chimene mwakhala mukuchisisita mwakachetechete pamene ndimalankhula, musadikire malipiro a mwezi uno. Ndikhala kumbuyo kuja tikamaliza, ndipo ndabweretsa mapepala ndi cholembera kuti tilembe limodzi, m'Chingerezi, tsiku limene chinayamba ndi zimene mukafunse ku kiliniki Lolemba.